Lipoti la wodwala: kuchiza zipsera za ziphuphu ndi laser pa khungu lakuda, ndi mawanga amene anatsatira

Lipoti ili likunena za mayi wina wa zaka 29, Mmalawi wokhala ku Johannesburg, amene ndinawathandiza kwa miyezi 16 pa vuto la ziphuphu ndi zipsera za kumaso. Ndine dokotala wa matenda a khungu ndipo ndimagwira ntchito pa chipatala china cholipiritsa mumzindawu. Mayiwa anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe, ndipo ndachotsamo chilichonse chimene chingachititse kuti munthu awazindikire. Chimene chandichititsa kuilemba n'chakuti pakati pa chithandizocho masaya awo anada kuposa mmene analili pobwera, ndipo mbali yaikulu ya cholakwacho inali yanga.

Tsiku loyamba

Mayiwa anafika mu Malichi atamva kwa kasitomala wa pa saluni imene amalukapo tsitsi kuti chipatala chathu chili ndi makina a laser. Asanakhale n'komwe pansi anali atanena kale chimene anadzera: "Adokotala, ndamva kuti makina anu amafufuta zonsezi kamodzin'kamodzi. Chinkhoswe changa chili mu Disembala kumudzi, ndiye ndikufuna ndikafike nkhope ili see." Tsiku la chinkhoswelo ndinalilemba pamwamba pa fayilo yawo, ndipo linandipanikiza chaka chonsecho kuposa mmene ndinayenera kulolera.

Ziphuphu zinawayamba ali ndi zaka 15, ali ku sekondale, ndipo monga amachitira achinyamata ambiri ankazifinya ndi zala, nthawi zina n'kuboola zikuluzikulu ndi singano. Zinachepa atakwanitsa zaka 20, koma zinasiya timaenje m'masaya ndi madontho akuda. Atabwera ku South Africa mnzawo wa kuntchito anawapatsa mafuta oyeretsa khungu kuti achotse madonthowo, ndipo anawadzola m'mawa ndi madzulo kwa zaka ziwiri. Ndinawapempha kuti abweretse chilichonse chimene amapaka kumaso, ndipo tsiku lotsatira anabwera ndi jumbo muli machubu atatu, sopo mmodzi ndi botolo lopanda dzina limene anasakaniziramo mafuta osiyanasiyana. Machubu awiri anali olembedwa clobetasol propionate 0.05%, amene ndi mankhwala a gulu la steroid amphamvu kwambiri mwa onse opaka pakhungu, oti ife sitilembera munthu kuti apake kumaso ngakhale kwa mwezi umodzi. Chubu chachitatu chinali cholembedwa hydroquinone, mankhwala oyeretsa khungu. Miyezi yoyamba nkhope inawala n'kusalala, anthu n'kumawayamikira, koma chinali chikomekome cha mkuyu. Ziphuphu zinabweranso zambirimbiri, ndipo akangoyesa kusiya mafutawo kwa masiku atatu nkhope inkayabwa ndi kutentha ngati apakapo tsabola, choncho ankayambiranso.

Panalinso zinthu ziwiri zimene zinkasonkhezera moto. Anakhala akubayitsa jakisoni wolera wa miyezi itatu, amene ambiri amangoti Depo, kwa zaka zitatu, ndipo kwa amayi ena jakisoniyu amakulitsa ziphuphu, makamaka za m'nsagwada ndi pachibwano. Chachiwiri chinali ntchito yawo, pakuti manja awo ankakhala ali mafuta a tsitsi tsiku lonse, ndipo popukuta thukuta mafutawo ankatsala pamphumi n'kutseka timabowo ta khungu. Sankasuta fodya, analibe matenda a shuga kapena othamanga magazi, ndipo msambo unasiya kuoneka chiyambireni jakisoni. Anati pa chaka amatuluka tizilonda ta pamilomo kawiri kapena katatu, ndipo ndinalemba zimenezi mosamala chifukwa kutentha kwa laser kumatha kudzutsa kachilombo ka herpes kamene kamayambitsa tizilondato.

Zimene ndinapeza powayeza

Khungu lawo linali la gulu V pa muyezo wa Fitzpatrick, muyezo umene Thomas Fitzpatrick wa ku Harvard anauyambitsa mu 1975 ndipo tsopano umagawa khungu m'magulu asanu ndi limodzi potengera mmene limachitira likawombedwa ndi dzuwa. Muyezowu poyamba unapangidwira azungu, magulu a khungu lakuda anachita kuwonjezedwa pambuyo pake, ndipo pa ife sunena zambiri. Chimene chimandiuza zenizeni ndi zipsera zakale za munthuyo. Ndinayang'ana m'makutu mmene anaboola ndolo, chipsera cha katemera wa BCG pamkono, pachifuwa ndi pamapewa, ndipo panalibe chipsera chofufuma cha mtundu wa keloid. Koma paliponse pamene udzudzu unaluma m'miyendo panali dontho lakuda, kusonyeza kuti khunguli limayankha ndi kuda likangopwetekedwa pang'ono.

Pamphumi ndi m'masaya munali tiziphuphu tambiri tofiirira, tofanana msinkhu ngati tabzalidwa tsiku limodzi, ndipo kufanana kotereku ndi chizindikiro cha ziphuphu zobwera ndi steroid. M'nsagwada munali zotupa zinayi zolimba, zopweteka pozigwira. Khungu la m'masaya linali lapyapyala, timitsempha tikuonekera, ndipo m'mbali mwa nkhope munamera ubweya umene iwo anati kale kunalibe. Ndinayang'ana madontho akudawo ndi galasi lokulitsa lokhala ndi nyali pofufuza matenda a ochronosis, amene amadza munthu akadzola hydroquinone nthawi yaitali n'kudetsa khungu mosabwereranso. Matendawa anafotokozedwa bwino ndi dokotala G. H. Findlay ndi anzake kuno ku South Africa mu 1975, ndipo dziko lino linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola ogulitsidwa wamba mu 1990, ngakhale kuti m'misika akupezekabe. Mwamwayi mayiwa analibe zizindikiro zake.

Pa zipsera ndi pamene ndinataya nthawi yaitali, chifukwa zimene iwo ankazitcha zipsera zinali zinthu ziwiri zosiyana. Ndinazimitsa nyali ya kudenga, n'kuwalitsa tochi kuchokera m'mbali, iwo atagwira kalilole. Madontho akuda, amene anali ochuluka ndiponso amene ankawavutitsa mtima kwambiri, sanaponye mthunzi uliwonse, pakuti khungu pamenepo linali losalala ndipo unangosintha ndi mtundu wokha. Madontho otere si zipsera, amatha okha pang'onopang'ono ziphuphu zikaleka, ndipo laser ikhoza kungowawonjezera. Zipsera zenizeni zinaonekera ndi mithunzi yake, ndipo zinalipo za mitundu yonse itatu imene Jacob, Dover ndi Kaminer anaigawa mu 2001. Zambiri zinali zimene m'mabuku zimatchedwa rolling, zotakata ndi zosazama, zochititsa tsaya kuoneka ngati mizere ya m'munda imene mvula yaifafaniza. Panali zingapo za boxcar, zokumbika ndi m'mphepete mowongoka ngati za katsabola, komanso za icepick zokwana 14, zopapatiza koma zozama ngati poboola ndi singano. Nditakoka khungu ndi zala ziwiri zipsera za rolling zinasalala, ndipo pa muyezo wa Goodman ndi Baron wa 2006 ndinaziika pa gawo 3, lomwe ndi la zipsera zooneka munthu ataima patali ndi masentimita 50, zosabisika ndi zodzoladzola koma zosalala zikakokedwa. Tinajambula zithunzi za kutsogolo ndi za m'mbali, pa malo amodzi ndi nyali imodzi, kuti tizidzayerekezera. Kuyeza mkodzo kunasonyeza kuti analibe pakati, ndipo shuga ndi kuthamanga kwa magazi zinali bwino.

Miyezi isanu yopanda laser

Ndinawauza kuti sindiwayatsira makina mpaka ziphuphu zitazizira ndiponso khungu litachira ku steroid. Sanakondwe, ndipo anandifunsa ngati ndikukayikira kuti angathe kulipira. Ndinawafotokozera kuti kusalaza zipsera ziphuphu zikutulukabe kuli ngati kuzira nyumba denga likudontha, ndiponso kuti khungu lopyapyalitsidwa ndi clobetasol limachedwa kupola ndipo limagwidwa msanga ndi tizilombo.

Mafuta onse a m'jumbo muja anatsala kuchipatala. Ndinawachenjeza kuti masabata atatu kapena anayi oyamba nkhope idzayabwa, idzasupuka ndi kuda kuposa kale, ndipo zinachitikadi motero, moti sabata yachiwiri anaimba foni akulira. Ndinawapatsa mankhwala opha tizilombo a doxycycline 100 mg kamodzi pa tsiku kwa masabata 12, kumwera chakudya ndi madzi ambiri, osagona atangomwa. Patatha masabata atatu, kuyabwa kutachepa, tinayamba adapalene 0.1% wosakaniza ndi benzoyl peroxide 2.5% usiku, poyamba kudumphitsa masiku awiri, ndi azelaic acid 20% m'mawa. Benzoyl peroxide ndi wofunika nthawi zonse pamene munthu akumwa mankhwala opha tizilombo, chifukwa amathandiza kuti kachilombo ka Cutibacterium acnes, kamene kamakulitsa ziphuphu, kasazolowere mankhwalawo. Pa mafuta oteteza ku dzuwa tinakanganapo pang'ono, iwo akuti munthu wakuda sapsa ndi dzuwa. N'zoona kuti sapsa msanga, koma dontho lakuda limadyetsedwa ndi dzuwa, ngakhale kuwala wamba kooneka ndi maso, n'chifukwa chake ndinawasankhira mafuta a SPF 50 okhala ndi iron oxide, amene amatchinga kuwala kwa mitundu yonse iwiri ndipo sasiya nkhope yotuwa ngati phulusa.

Titakambirana za kulera, ndipo nditatsimikiza kuti sadwala mutu waching'alang'ala komanso kuti kwawo kulibe amene anadwalapo matenda a kuundana kwa magazi m'mitsempha, anasiya jakisoni n'kuyamba mapiritsi olera a mahomoni awiri, amene amachepetsa mafuta a pakhungu. Ndinatchulanso isotretinoin, amene ndi mankhwala amphamvu kuposa onse pa ziphuphu zosiya zipsera, koma amapundula mwana m'mimba, ndipo mayiwa anakana chifukwa ankafuna kudzatenga pakati akangolowa m'banja. Anafunsa za makina atsopano ochiza ziphuphu zenizenizo amene anawaona pa YouTube. Alipodi, monga AviClear amene bungwe la FDA la ku America linawavomereza mu 2022, ndipo amagwiritsa ntchito kuwala kwa 1726 nm (nm ndi muyezo wosiyanitsira mitundu ya kuwala) kumene kumatenthetsa timatumba topanga mafuta pakhungu. Ife tilibe makina amenewo, ndipo ngakhale tikanakhala nawo sakanachotsa gwero la vuto lawo, limene linali m'machubu aja.

Pofika kumapeto kwa Julayi ziphuphu zotupa zinali zitatha, kutangotsala kamodzi kapena tiwiri pa mwezi, ndipo madontho akuda anali atazilala mooneka. Ndiyenera kunena pano, makamaka kwa anzanga ogwira ntchito m'zipatala za m'maboma kumudzi kumene kulibe laser, kuti kusintha kwakukulu kumene mayiwa ndi anzawo a ku saluni anakuona kunachitika m'miyezi imeneyi, ndi mankhwala a m'botolo ndi m'chubu okhaokha.

Kusankha makina

Laser ndi kuwala kwa mtundu umodzi wokha kumene kumasanduka kutentha kukakumana ndi chinthu chokumeza. Rox Anderson ndi John Parrish anasonyeza mu 1983 kuti posankha bwino mtundu wa kuwala ndi kutalika kwa nthawi imene kukuwomba, munthu akhoza kutentha chinthu chimodzi m'khungu osawononga zoyandikana nacho. M'khungu muli zinthu zitatu zikuluzikulu zomeza kuwala, zomwe ndi magazi, madzi ndi melanin, amene amapatsa khungu mtundu wake. Vuto la khungu lakuda lagona pa melanin ameneyu. Ali wochuluka pamwamba penipeni pa khungu, ndipo amameza kwambiri kuwala kwa manambala otsika, monga 532 nm, 595 nm ndi 755 nm, kotero kuti makina amene amachotsa bwino kufiira kwa zipsera pa mzungu akhoza kuwotcha munthu wakuda kuwala kusanafike kumene kumafunika.

Pa zipsera zolowa m'kati timafuna kuwala komezedwa ndi madzi, kuti kutenthetse mnofu wa pansi pa khungu n'kuuchititsa kupanga ulusi watsopano wa kolajeni. Makina a CO2 a 10,600 nm ndi a erbium YAG a 2940 nm amapsereza khungu la pamwamba n'kulichotseratu, ndipo amasalaza kwambiri, koma pa khungu la gulu V ndi VI amasiya kuda kokhalitsa, nthawi zina mawanga oyera osabwerera. Zinthu zinasintha mu 2004 pamene Dieter Manstein, Anderson ndi anzawo anafotokoza njira yotchedwa fractional. M'malo motentha khungu lonse, makina amaboola timizati ta kutentha tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, n'kusiya khungu labwino pakati pake, monga mmene mlimi amakumbira mapando pa mzere osatembenuza munda wonse. Khungu losakhudzidwalo ndi limene limapoletsa msanga pamene patenthedwa. Kwa mayiwa ndinasankha makina a fractional a 1550 nm, amene sachotsa khungu la pamwamba ndipo melanin sawameza kwenikweni.

Komabe kusamezedwa ndi melanin sikutanthauza kuti khungu silingade. Timaselo topanga melanin timadzidzimuka ndi kutentha ndi kutupa kulikonse, kaya kwachokera kuti. Pa makinawa pali zinthu ziwiri zimene dokotala amasintha. Choyamba ndi mphamvu ya kamzati kalikonse, yoyezedwa mu mJ, imene imalamula kuzama kwake, ndipo chachiwiri ndi kuthithikana kwa timizatito, kutanthauza gawo la khungu limene latenthedwa pa ulendo umodzi. Kafukufuku wa mu 2007 ku Japan ndi ku Hong Kong anasonyeza kuti chodetsa khungu kwambiri ndi kuthithikanako kuposa kuzama, pakuti timizati tikayandikana kutentha kwake kumalumikizana n'kukhala ngati khungu lonse lapsa. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, ndipo ndimaziphunzitsa kwa madokotala achinyamata.

Ndinawafotokozera mayiwa kuti zipsera zidzachepa koma sizidzatha, kuti padzafunika maulendo anayi kapena asanu otalikirana masabata asanu ndi limodzi, kuti kolajeni amapitiriza kukula kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndiponso kuti kuda kukhoza kuchitika ngakhale titasamala. Anasaina chikalata chovomera. Ndalama ankalipira okha kuchokera ku chipereganyu cha ku saluni, popeza mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo kawirikawiri amati kusalaza zipsera ndi kudzikongoletsa chabe.

Chithandizo chenichenicho

Mu Ogasiti ndinayamba ndi singano, osati makina. Zipsera za rolling zimalowa m'kati chifukwa pansi pake pali timinyewa tolimba tokokera khungu kumnofu, ndipo kuwala sikungatidule. Njira ya subcision, imene a Orentreich awiri, bambo ndi mwana wake, anaifotokoza mu 1995, ndi yolowetsa singano yokhala ndi nsonga yakuthwa pansi pa chipsera, malowo atabayidwa kale mankhwala a dzanzi, n'kumaiyendetsa chopingasa mpaka timinyewato taduka. Tikamaduka timamveka m'zala za dokotala ndipo wodwala amamva kulira kwake, moti mayiwa anati zikumveka ngati munthu akusadzula ulusi wa thumba la chimanga. Masaya anatupa ndi kubiriwira kwa masiku 10. Tsiku lomwelo ndinayesa laser pa kamalo kofanana ndi chikhadabo kutsogolo kwa khutu lamanzere, ndiponso ndinadontheza asidi wa TCA 70% ndi kamtengo kosongoka m'zipsera ziwiri za icepick kufupi ndi khutu lamanja, njira imene madokotala a ku Korea anaifalitsa mu 2002. Ndinadikira masabata anayi, chifukwa kuda kumayamba kuoneka pakati pa sabata yachiwiri ndi yachinayi. Poyesera laser sipanasinthe mtundu, koma pa TCA panada kwa miyezi itatu, choncho njira imeneyo tinaisiya.

Ulendo woyamba wa laser unali mu Seputembala. Anasiya adapalene kutatsala sabata imodzi, ndipo anayamba aciclovir 400 mg, woteteza ku tizilonda ta herpes tija, katatu pa tsiku kutatsala tsiku limodzi, n'kumwa kwa sabata. Tinapaka mankhwala a dzanzi a lidocaine ndi prilocaine kwa ola limodzi, tinapukuta mpaka khungu litauma, tinaphimba maso ndi zotchingira zachitsulo, ndipo namwino anagwira paipi ya mpweya wozizira nthawi yonse. Ndinatchera makina pa 40 mJ ndi kuthithikana kwa pafupifupi 10%, m'masaya mokha, ndikupuma pakati pa mizere kuti khungu lizizire. Anati ululu unali ngati kuthetheka kwa mafuta otentha pokazinga. Nkhope inatupa masiku awiri, n'kuoneka ngati yawazidwa mchenga wakuda, ndipo pofika tsiku la 6 unali utayoyoka wokha. Ulendo wachiwiri, mu Okutobala, tinachita chimodzimodzi ndipo sipanakhale vuto.

Cholakwa chinachitika pa ulendo wachitatu, kumapeto kwa Novembala. Mayiwa anabwera ali ndi nkhawa, akuti masiku atha koma timaenje tikuonekabe, ndipo anandichonderera kuti ndiwonjezere mphamvu. Popeza maulendo awiri anadutsa bwino, ndinadziuza kuti khungu lawo lapirira, ndipo ndinakweza kuthithikana kufika pafupifupi 20%, mphamvu ili yomweyo. Sindinaganizire mokwanira za nyengo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo dzuwa la Novembala ndi Disembala kuno ndi laukali kuposa mmene mphepo yake yozizirira imanamizira. Sindinafunsenso kuti kumudzi adzapita pa chiyani. Ananyamuka pa basi patangotha masiku 12, ulendo wa masiku awiri wodzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza, atakhala kuwindo, ndipo m'mabodala anaima pamzere padzuwa kwa maola ambiri. Mafuta oteteza ku dzuwa anali m'chikwama chachikulu chimene chinapakiridwa m'ngolo ya basi.

Ananditumizira zithunzi pa WhatsApp kutatsala masiku asanu kuti chinkhoswe chichitike. Masaya onse awiri anali atada, ndipo kudako kunali ndi malire owongoka, otsata ndendende pamene makina anadutsa. Ndinawaimbira foni n'kuwauza mosabisa kuti ndinakweza makina kuposa mmene khungu lawo likanapiririra pa nyengo imeneyo, kuti kuda kotereku kumatha koma kumatenga miyezi, ndiponso kuti adzole azelaic acid ndi mafuta a dzuwa okha, avale chipewa, ndipo pa tsikulo aphimbe ndi zodzoladzola. Pambuyo pake anandiululira kuti msuweni wawo anawagulira kachubu ka mafuta oyeretsa pamsika ndipo anadzola kwa sabata imodzi. Sindinawadzudzule, poganizira kuti amene anawafikitsa pamenepo ndine.

Anabwera kuchipatala kumapeto kwa Januwale, ndipo galasi lokulitsa linasonyeza kuti kudako kunali kwa pamwamba, kopanda zizindikiro za ochronosis, kopandanso chilonda kapena chipsera chatsopano. Ndinaimitsa laser. Tinayambiranso adapalene usiku n'kupitiriza azelaic acid m'mawa, ndipo nditalingalira kwambiri ndinawonjezera hydroquinone 4% kwa masabata asanu ndi atatu okha, kupaka podapo pokha, ndikuwapatsa kachubu kakang'ono kokwana mwezi umodzi kuti azibwera ndiziwaona. Anaseka nditatchula dzinalo, n'kunena kuti, "Adokotala, si omwe aja munandilanda?" Ndi omwewo ndithu, kusiyana kwake kuli pa muyezo wodziwika, nthawi yoikika ndi kusasakaniza ndi clobetasol. Anzanga ena amapereka mapiritsi a tranexamic acid pa kuda kotere, koma ine ndinawapewa chifukwa mayiwa anali pa mapiritsi olera a mahomoni awiri, ndipo zonse ziwiri zimakhudza kuundana kwa magazi. Chipatala sichinawalipiritse pa maulendo onse ochiza kudako.

Kuda kunayamba kuzilala mu Malichi ndipo pofika mu Meyi malire aja sankaonekanso pa zithunzi, kutanthauza kuti kunatenga miyezi isanu. Poyang'ana m'mbuyo ndikuona zinthu zitatu zimene zinakumana, zomwe ndi kuthithikana kumene ndinakweza, dzuwa la paulendo, ndi khungu limene linali litangochira kumene ku zaka ziwiri za steroid. Mwa zitatuzi, choyamba chinali m'manja mwanga mokha, ndipo chachiwiri ndikanachipewa ndi funso limodzi. Kamalo koyesera ka mu Ogasiti kanayesedwa pa 10% m'nyengo yozizira, choncho sikakanandiuza kanthu za 20% m'chilimwe, ndipo ndinayenera kuyesanso ndisanasinthe. Kuyambira pamenepo pa fomu yathu yovomera tinawonjezera funso la maulendo amene wodwala akukonzekera m'masabata asanu ndi limodzi otsatira, ndipo odwala a khungu la gulu V ndi VI ndimawayambitsa laser pakati pa Epulo ndi Ogasiti ngati n'kotheka.

Mmene zinathera

Mu Juni, m'nyengo yozizira, mayiwa anavomera ulendo wachinayi, ngakhale ndinawauza kuti akhoza kulekera pomwepo. Ndinabwerera pa 40 mJ ndi 10%, nditayesanso kamalo kutatsala masabata anayi, ndipo sipanachitike kuda kulikonse. Pa ulendo wotsiriza, kumapeto kwa Julayi, tinaika zithunzi zoyamba ndi zatsopano pamodzi pa kompyuta. Zipsera za rolling zinali zitasalala kwambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti mbali yaikulu ya kusinthako inachokera ku singano ya subcision. Za boxcar zinafewa m'mphepete koma zikuonekabe nyali ikachokera m'mbali. Za icepick sizinasinthe konse, monga momwe tinkayembekezera, popeza n'zozama kuposa pamene kuwala kwa makinawa kumafika. Pa muyezo wa Goodman ndi Baron ndinawaika pa gawo 2, la zipsera zosaoneka msanga munthu ataima patali ndi masentimita 50 ndiponso zobisika ndi zodzoladzola. Iwo anati chimene chikuwasangalatsa kwambiri n'chakuti akhoza kupita kuntchito osapaka kanthu kupatula mafuta a dzuwa.

Tsopano akufuna kutenga pakati, choncho asiya mapiritsi olera ndi adapalene, amene sitipereka kwa amayi oyembekezera, ndipo atsala ndi azelaic acid ndi benzoyl peroxide pang'ono. Ndawachenjeza kuti ziphuphu zikhoza kubweranso akasiya mapiritsiwo, ndipo zikatero abwere msanga osadikira kuti zisiye maenje ena. Laser taiimitsa mpaka adzabereke ndi kumaliza kuyamwitsa. Zipsera za icepick zikadzawavutitsabe mtima pa nthawiyo, tagwirizana kuti tidzayesa kudula ziwiri zokha ndi kachitsulo kozungulira ka 1.5 mm n'kusoka, kufupi ndi khutu, ndipo tidzadikira miyezi itatu tisanakhudze zotsalazo.